Dzina la agogo silikutuluka: kuthetsa mavuto polemba mndandanda wa makolo pa intaneti

Dandaulo lake ndi limodzimodzi, kaya munthu akukhala ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Namiwawa. Watsegula akaunti pa FamilySearch, Ancestry kapena MyHeritage, walemba dzina lake, la bambo ndi la mayi, wafika pa agogo, basi zaima. Wina zimamuyendera ndithu, koma pakatha mwezi amapeza kuti agogo ake aakazi awakwatitsa kwa bambo wina wa ku Chipata amene anamwalira iwo asanabadwe.

Gwero la mavuto ambiri ndi limodzi. Masamba amenewa anawapanga anthu amene mbiri ya makolo awo yakhala ikulembedwa m'mabuku a boma ndi a tchalitchi kwa zaka mazanamazana, komanso kwawoko dzina la bambo limatsikira kwa ana osasintha. Ife mbiri yathu yambiri ili m'mitu mwa akuluakulu, ndipo kuno kummwera mabanja ambiri mtundu amauwerengera kuchikazi. Tsambalo mulitenge ngati nkhokwe: limasunga zimene mwakolola, koma silikulimirani. Pansi pa vuto lililonse ndayamba ndi chifukwa chofala kwambiri, n'kumatsika.

## Mwalemba dzina koma palibe chatuluka

1. Munthuyo mulibe m'buku lililonse limene linaikidwa pa intaneti. Ichi ndiye chifukwa chachikulu, ndipo kusaka usiku wonse sikungachisinthe, mungotha bandulo. M'nthawi ya atsamunda, lamulo lolembetsa kubadwa ndi imfa linkakakamiza azungu ndi amwenye, osati anthu akuda. Kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunakhala kokakamiza mu 2015, kutsatira lamulo la kalembera wa nzika la 2010, ndipo ziphaso za unzika anthu ambiri anazilandira mu kalembera wa 2017. Kalembera wa anthu wa 1966, 1977, 1987 ndi otsatira ake amatulutsa ziwerengero, osati mayina a anthu.

Chochita ndi kupita kwa wamkulu amene watsala m'banjamo. Musafike ndi pepala la mafunso ngati wapolisi. Khalani pakhonde, pemphani chilolezo chojambula mawu pa foni, muyambe ndi nkhani imene iwo amakonda kukamba. Azakhali ndi agogo aakazi kawirikawiri ndiwo amasunga mayina a ana amene anamwalira ali aang'ono ndi a maukwati amene anatha, zimene amalume amadumpha. Musachoke musanamve izi:

- mudzi, nyakwawa kapena gulupu, ndi mfumu yaikulu
- mfunda wa munthuyo ndi wa mayi ake
- mpingo umene ankapemphera, ndi tchalitchi chake chenicheni
- manda amene anagona, ndi amene anagona pafupi naye
- kumene banjalo linachokera lisanafike pamalopo

2. Dzinalo linalembedwa mosiyana ndi mmene inu mukulembera. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa amene tinazolowerawa anatuluka mu 1973. M'mabuku ambiri akale a mishoni, pamene ife timalemba ch ankalemba c yekha, choncho Chirwa mudzampeza ali Cirwa. L ndi r ankasinthana, h ankasowa: Phiri kukhala Piri, Nkhoma kukhala Nkoma. Kalaliki wachizungu ankalemba zimene khutu lake lamva. Yesani kalembedwe kalikonse, ndipo pa FamilySearch ndi Ancestry mungathe kuika kanyenyezi m'malo mwa zilembo zimene mukukayika, monga Chik*pa. Chotsaninso chizindikiro chouza tsambalo kuti lipeze dzina lofanana ndendende.

3. Mukusaka ndi dzina limene silinapite m'buku. Agogo anu mwina anali ndi dzina la paubwana, la kuchinamwali kapena kujando, la ubatizo, ndi lina limene bwana wa ku esiteti anawapatsa chifukwa lenileni linkamuvuta kutchula. Amayi ambiri mudzi wonse unkangowadziwa kuti Naphiri, Nabanda kapena Nangozo, kapena make uje. Buku la tchalitchi lili ndi dzina la ubatizo, ndipo lingakhale Yohane pamene inu mukusaka John, kapena Zuze pamene mukusaka Joseph ngati banja linachokera kuchigwa cha Shire.

4. Mwadzaza mabokosi onse. Chaka chimodzi cholakwika chimabisa munthu woyenera. Siyani dzina ndi dziko lokha, kenako muziwonjezera chimodzichimodzi.

Ngati pali pepala lonena za kholo lanu, mwayi waukulu ndi woti lili m'kabati ya tchalitchi. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ya Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi mu 1892, PIM ya John Chilembwe ku Mbombwe mu 1900, Akatolika a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, ndipo Malamulo ku Thyolo inakhala ya Seventh-day Adventist mu 1902. Buku la ubatizo la parishi ya Katolika ndi lothandiza kwambiri, chifukwa pambali pa dzina la wobatizidwa amalembaponso za ulimbitso ndi ukwati wake, ngakhale unachitikira kwina. Kumbukirani kuti tchalitchi chimene chili m'mudzi mwanu lero mwina chinali nthambi chabe, mabuku ake ankasungidwa kumishoni kapena kuparishi yaikulu. Pitani ndi kalata yochokera kwa abusa kapena abambo mfumu a kumene mumapemphera, ndipo musayembekeze kuti akutsegulirani tsiku lomwelo. Kwa mabanja achisilamu, yambani ndi shehe ndi akuluakulu a pamzikiti wa kumudzi.

## Tsamba likukana malo amene mwalemba

Kapena likuwalandira koma likuwaika m'boma lolakwika.

Chofala kwambiri ndi kusintha kwa mayina. Pepala lakale silidzanena Malawi. Lidzati Nyasaland, kuyambira 1907 mpaka 1964, kapena British Central Africa m'mbuyo mwa 1907. Mangochi anali Fort Johnston, Nsanje anali Port Herald, Mchinji anali Fort Manning, Chitipa anali Fort Hill, Machinga anali Kasupe. Thyolo ankalembedwa Cholo, Mulanje Mlanje, Ntcheu Ncheu, Nkhotakota Kota Kota. Limbe anali tawuni payekha mpaka pamene anaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956.

Chachiwiri ndi maboma amene anadulidwa pambuyo pake. Balaka anachoka ku Machinga ndipo Phalombe anachoka ku Mulanje mu 1998, Neno anachoka ku Mwanza mu 2003. Munthu wobadwira ku Migowi mu 1950 pepala lake lidzati Mlanje.

Chachitatu, midzi yathu yambiri mulibe m'ndandanda wa malo wa masambawa, ndipo mudzi umatchedwa dzina la mfumu yake, choncho mudzi ukagawikana dzina limasinthanso. Sankhani boma m'bokosi la malo, kenako m'malo olemba ndemanga mulembe zonse: mudzi, gulupu, mfumu yaikulu monga Kapeni, Machinjiri, Kuntaja, Somba kapena Lundu, ndi mtsinje kapena phiri lapafupi. Mtsinje susamuka ngati mmene midzi imachitira.

## Munthu mmodzi waoneka kawiri, kapena anthu awiri asanduka mmodzi

1. Abale awiri analemba munthu mmodzi ndi mayina osiyana. Inu munalemba la ubatizo, msuweni wanu wa ku Lilongwe analemba la kumudzi. Musanawaphatikize, yerekezani mayi, mudzi, mkazi kapena mwamuna, ndi ana. Zitatu mwa izi zikagwirizana, phatikizani, koma mayina enawo muwasunge m'bokosi la mayina ena. Osafufuta.
2. Dzina lachiwiri linasintha pa m'badwo uliwonse. Ambiri ankatenga dzina loyamba la bambo awo kukhala lachiwiri, ena la amalume amene anawalipirira sukulu, ena mfunda. Ana a mimba imodzi angakhale ndi mayina achiwiri atatu. Palinso amene anasintha dzina kuti abwereze Sitandade 8, dzinalo n'kuwakanirira mpaka pa chiphaso cha unzika.
3. Dzina linalowedwa. Mdzukulu anapatsidwa dzina la agogo, kapena mphwake analowa ufumu n'kutenga dzina la amalume. Kapeni amene analandira amishoni mu 1876 si amene agogo anu anamuona ali mwana, ngakhale dzina ndi lomwelo. Mukaona munthu akuoneka kuti anakhala zaka 130, dziwani kuti ndi anthu awiri kapena atatu.
4. Munavomera zimene tsamba linakuganizirani. Tsamba likati mwina uyu ndi wanu, limangoyerekeza dzina ndi chaka. A Phiri ndi a Banda ali ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo dzina la Banda likupezeka ngakhale ku Mexico. Musavomere popanda mudzi kapena dzina la mayi.

## Chibale chasokonekera

Chizindikiro chake ndi mayi wa ana 19, kapena mwamuna amene akuoneka kuti anakwatira mlongo wake.

Apa vuto ndi lakuti pakhomo timaitana mwaulemu, pamene tsamba limafuna kudziwa amene anabala. Agogo akati "amene uja anali mchimwene wanga", angakhale mwana wa amayi awo aang'ono kapena wa bambo awo aakulu. Akati "mayi anga" angatanthauze mkulu wa mayi awo amene anawalera. Funsani modekha: "Agogo, munali a bere limodzi?" Ndiponso: "Anakuberekani ndi omwewo, kapena anangokulerani?" Mafunso awiri amenewa amakonza theka la chisokonezo.

Chifukwa chachiwiri ndi maukwati angapo. M'mabanja a chikamwini, mwamuna akachoka ana amatsala ndi mayi ndi mwini mbumba, ndipo mayiyo akakwatiwanso ana onse amakulira pakhomo limodzi, nthawi zina n'kutenga dzina la bambo wowapeza. Kuli mitala, kulinso chokolo. Lembani ukwati uliwonse pawokha, mwana aliyense mumuike pansi pa makolo omubala. FamilySearch imalola mwana kukhala ndi makolo oposa awiri, ndipo mumasankha kuti awa ndi omubala, awa ndi omulera, awa ndi omupeza. Gwiritsani ntchito mwayi umenewo m'malo mobisa amene analera, chifukwa m'mabanja ambiri wolerayo ndiye amene ana amamukumbuka.

Chachitatu ndi kungotsata mzere wa abambo chifukwa chithunzi cha patsamba chimakukokerani kumeneko. Ngati kwanu ndi kwa Amang'anja, Ayao, Alomwe kapena Achewa, mudzapeza kuti kuchikazi mzere umatalika msanga: manda ali kumeneko, munda uli kumeneko, okumbukira mayina alinso kumeneko. Bambo amene anabwera ngati mkamwini mwina anangodziwika dzina ndi boma lochokera. Masambawa alibe bokosi la mwini mbumba kapena la ankhoswe, koma muwalembe mu ndemanga. Nkhoswe ya ukwati wa makolo anu, ngati ili moyo, imadziwa mbali zonse ziwiri.

## Zaka sizikugwirizana

Tsamba likuchenjeza kuti mwana anabadwa mayi ake ali ndi zaka 8, kapena atamwalira kale.

- Chaka chobadwa chinali chongoyerekeza. Okalamba ambiri anapatsidwa chaka ndi wolemba amene anangowayang'ana nkhope. Mukaona 1 Januwale pa chiphaso cha agogo, kayikirani.
- Tsiku la ubatizo lalowa m'malo mwa tsiku lobadwa. M'mipingo yambiri anthu ankabatizidwa ali akuluakulu atatha zaka m'kalasi.
- Zaka zinachepetsedwa kuti munthu alowe sukulu kapena achedwe kupuma pantchito, kapena zinawonjezedwa kuti alembedwe ntchito.
- Mwezi ndi tsiku zatembenuka. Ku America 03/07 ndi 7 Malichi, kuno ndi 3 Julaye. Mwezi muziulemba m'mawu.

Njira yabwino ndi kumangirira chaka ku chinthu chimene aliyense amachikumbuka. Nkhondo ya Chilembwe inali mu 1915. Fuluwenza anapha anthu mu 1918 ndi 1919. Nkhondo yachiwiri inali kuyambira 1939 mpaka 1945. Napolo wa ku Zomba anatsika mu 1946. Njala ya 1949 inasautsa kwambiri boma la Blantyre lino, ndipo okalamba a ku Lunzu ndi madera ozungulira saiwala. Chitaganya chinayamba mu 1953, Kamuzu anatera pa Chileka mu Julaye 1958, ufulu unabwera mu 1964, kwacha inalowa m'malo mwa mapaundi mu 1971. Agogo akati "njala ija ndinali nditayamba kutunga madzi koma ndisanathe msinkhu", mwapeza kuti anabadwa cha m'ma 1938 mpaka 1941. Lembani kuti ndi chaka choyerekeza, ndipo munene amene anakuuzani. Chaka choyerekeza cholembedwa moona chimaposa tsiku lenileni lopeka.

## Mzere wathera pa munthu amene anatchona

Pafupifupi banja lililonse lili naye: anapita ku migodi ya ku Johannesburg kudzera ku Wenela, kapena ku mafamu a ku Rhodesia kudzera kwa Mthandizi (mabungwe awiriwa ankalemba anthu ntchito zakunja), kapena anangoyenda wapansi, osabwerera. Dzina la depoti ya mabasi ya Wenela mu Blantyre muno ndi chotsalira cha nthawi imeneyo.

Choyamba, mwina anasintha dzina atafika, kapena anayenda ndi chitupa cha mnzake. Chachiwiri, mukusaka m'dziko lolakwika kapena ndi dzina latsopano la mzinda: Harare anali Salisbury, Chipata anali Fort Jameson, Kabwe anali Broken Hill. Chachitatu, pamalo obadwira analembapo Nyasaland basi, kapena Blantyre ngakhale kwawo kunali ku Ntcheu, chifukwa kunjako Mmalawi aliyense ankatha kutchedwa wa ku Blantyre.

Pano ndiye pamene intaneti imathandizadi, chifukwa FamilySearch ili ndi mabuku a imfa a ku Zimbabwe ndi a ku South Africa. Sakani ndi mfunda wokha, malo obadwira muike Nyasaland. Fufuzaninso m'sutikesi ya agogo aakazi: kalata yakale ili ndi adiresi, pepala la kumgodi lili ndi nambala ya wantchito, ndipo nambalayo ndi yofunika kuposa dzina pofunsa ku TEBA, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela. Ngati anasowa mu 1974, funsani akuluakulu za ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown mu Epulo chaka chimenecho n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi.

Ngati anali msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda) ndipo anafera kunkhondo, sakani pa tsamba la Commonwealth War Graves Commission, ndi laulere. Koma amtengatenga ambiri a nkhondo ya 1914 mpaka 1918 sanalembedwe mayina.

Mabanja ambiri a Chilomwe a ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu analowa kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndi zaka zotsatira, n'kukhala pa maesiteti a thangata. Mzere ukafika pamenepo, pepala limasowa. Funsani dzina la phiri kapena mtsinje umene anachokera ndi la mtsogoleri amene anabwera nawo.

## Zimene munalemba zasintha, zasowa, kapena abale sakuziona

Pa FamilySearch mndandanda ndi umodzi wa dziko lonse lapansi, ndipo aliyense amene ali ndi akaunti angathe kusintha za munthu amene anamwalira. Tsegulani tsamba la munthuyo, pitani pa Latest Changes, muona amene anasintha ndi zimene anasintha, ndipo mungazibwezeretse. Mulembereni uthenga mwaulemu, pena mupeza kuti ndi mbale wanu wa ku Bulawayo amene simumamudziwa. Kuti zisabwerezeke, ikani umboni pa mfundo iliyonse: chithunzi cha khadi la ubatizo, cha mwala wa pamanda, kapena mawu a agogo amene munajambula, ndi tsiku lake.

Ngati mchemwali wanu sakuona ana anu kapena amayi, palibe chawonongeka. Anthu amoyo amabisidwa dala. Musawalembe kuti anamwalira pofuna kuti aoneke.

Ngati simukutha kulowa, kawirikawiri ndi chifukwa choti akaunti inatsegulidwa ndi nambala ya foni imene inatayika, kapena ndi imelo imene mnyamata wa pa kefe anakutsegulirani. Konzani zimenezi lero akaunti ikadali yotsegula. Pa Ancestry ndi MyHeritage mungathe kutsitsa mndandanda wonse ngati fayilo ya GEDCOM. Isungeni pa fulashi, ndipo pulogalamu yaulere ya Gramps imaitsegula pa kompyuta popanda intaneti. Zithunzi zakale muzitumizirana pa WhatsApp ngati fayilo, apo ayi zimafika zitafufuma ndipo zolembedwa siziwerengeka. Ine ndimalimbikitsanso kope lachikuto cholimba, losungidwa ndi munthu mmodzi wodziwika m'banjamo.

## Zotsatira za DNA sizikunena kanthu

Makampani oyeza amakuyerekezani ndi anthu amene anayezetsa kale, ndipo Amalawi ndi ochepa mmenemo. Mulandira dzina la chigawo chachikulu cha Africa, osati mudzi kapena mfunda. Pa ndalama yomweyo mungapite kumudzi kangapo. Ngati mwatsimikiza kuyezetsa, dziwiranitu kuti zingaulule kuti bambo wina si amene banja limanena, ndipo nkhani yotero sibwerera m'botolo la malovu.

## Pamene muyenera kuima ndi kufunsa odziwa

- Malo, nyumba kapena chuma cha masiye. Mndandanda wa pa intaneti si umboni wa kukhoti. Pali lamulo la chuma cha masiye la 2011. Onanani ndi loya, a Legal Aid Bureau, ofesi ya Administrator General kapena ya DC musanatumize chilichonse pa gulu la banja.
- Mkangano wa ufumu. Zimenezo ndi za mbumba, mafumu ndi ofesi ya DC. Pepala lanu likalowa pakati, lidzagwiritsidwa ntchito ndi mbali imodzi.
- Kukonza dzina kapena tsiku lobadwa pa chiphaso. Pitani ku National Registration Bureau. Za unzika wa dziko lina, funsani ku Immigration kapena ku ofesi ya kazembe wa dzikolo.
- Mbale amene mwina akadali moyo koma anasowa chifukwa cha nkhondo, kusamuka kapena ngozi ngati namondwe Freddy wa 2023. A Red Cross ali ndi ntchito yolumikizanitsa mabanja.
- Wina akupempha ndalama kuti akutulutsireni chipukuta misozi cha agogo cha kumigodi, kapena chuma cha mbale amene anafera kunja. Musatumize ndalama kapena chithunzi cha chiphaso. Funsani kaye ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu.
- Mwapeza chinsinsi chokhudza anthu amoyo, monga mwana wa kunja kwa banja kapena matenda amene munthu anamwalira nawo. Lankhulani ndi amalume kapena azakhali kaye, ndipo zina zisiyeni m'kope mokha.
- Mapepala akale anyowa, amatana kapena adyedwa ndi chiswe. Musawamatule, musawamate ndi selotepi, musawatenthetse m'pulasitiki. Ajambuleni mmene alili, mufunse akatswiri osunga zakale.
- Mwafika m'mbuyo mwa 1920 ndipo akuluakulu atha. Apa mpofunika wodziwa mabuku a ku National Archives ku Zomba, kumene kuli mabuku a ma DC akale ndi makalata ena a mamishoni. Dziwani kuti moto wa 1919 unatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba pamodzi ndi mapepala ambiri a zaka za m'mbuyo mwake. Muno mu Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ili ndi mabuku ndi zithunzi zakale. Malo onse awiriwa amatchula kwambiri mafumu, aphunzitsi, alaliki ndi makalaliki, choncho pitani ndi dzina la mfumu ndi la mishoni ya kwanu, osati la agogo lokha.